Mwana wanga wapeza malo a udokotala wa mano ku America: kodi ndimusainire ngongole?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kuno ku America ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga woyamba, wamkazi, wamaliza digiri yoyamba ndipo wapeza malo m'masukulu awiri a udokotala wa mano. Ina ndi ya boma, m'chigawo chomwe tikukhala. Kalata yawo ikuti fizi, zipangizo, nyumba ndi chakudya, zonse pamodzi ndi madola pafupifupi 80,000 pachaka. Inayo ndi yapulayiveti, yotchuka, ili mumzinda waukulu, ndipo akuti 140,000 pachaka. Mtima wake uli ku yotchukayo. Akuti ndimusainire ngongole ya kubanki, adzabweza yekha chifukwa madokotala a mano amalandira ndalama zambiri. Tonse tili ndi green card, chilolezo chokhazikika kuno. Achimwene anga kumudzi akuti bwanji akaphunzirire ku Blantyre kenako adzabwerere kuno. Mutu wanga waima, ndithandizeni.

Yankho

Mayi, choyamba ndikuyamikireni. Malo a udokotala wa mano kuno amalimbirana anthu ambiri, ndipo kuti mwana aitanidwe m'masukulu awiri ndiye kuti anakhetsa thukuta, inunso munakhetsa lanu. Koma poti mwafunsa, ndikuyankhani mosapita m'mbali. Udokotalawo auphunzire. Auphunzire kusukulu ya bomayo. Ngongole ya kusukulu yotchukayo musaisainire, ngakhale akulirireni chotani.

Chimene mwana wanu akufuna kugula ndi ndalama zowonjezerazo ndi dzina la sukulu, ndipo pa ntchito ya mano dzina silibweza ndalama zake. Sukulu iliyonse yovomerezeka kuno imayenderedwa ndi bungwe limodzi la CODA. Ophunzira onse amalemba mayeso amodzimodzi otchedwa INBDE, ambiri amayesedwanso luso la manja, kenako amakatenga laisensi m'chigawo chomwe akufuna kugwirako ntchito. Sukulu ina imapereka digiri yotchedwa DDS, ina DMD, koma kusiyana kwake ndi zilembo basi. Kampani ya inshulansi ikamalipira dokotala pa dzino lomwe wamata, imayang'ana nambala ya ntchitoyo pa fomu ndi mtengo womwe anagwirizana. Satifiketi yomwe ili pakhoma ilibe nayo ntchito. Ndipo munthu amene wachezera usiku wonse tsaya litatupa safunsa kuti adokotala munaphunzira kuti. Mwina mwana wanu anena kuti dzina la sukulu lidzamuthandiza akadzafuna kupitiriza maphunziro a ukatswiri, monga wowongola mano. Lingathandizeko pang'ono, koma osankha amayang'ana kwambiri mmene wakhozera ndi zimene aphunzitsi ake amulembera, ndipo zimenezo akhoza kuzipeza kusukulu ya boma.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani yonse yagona pa masamu. Ngongole za boma za ophunzira ngati iye zakhala pa chiwongoladzanja cha pafupifupi 8 peresenti. M'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 chinali 8.08, ndipo pa ngongole ina ya boma yotchedwa Grad PLUS chinali 9.08. Tingotenga 8 kuti masamu aphweke. Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti chiwongoladzanjacho chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe ndalama zatuluka, mwana akadali m'kalasi, asanazule ngakhale dzino limodzi lolipiritsa. Ndalama za chaka choyamba zimabereka kwa zaka zinayi, za chaka chachiwiri zitatu, choncho mpaka kumapeto.

Kusukulu ya boma, ngati zonse zili zangongole, atenga 320,000. Pofika tsiku lovala gauni, chiwongoladzanja chidzakhala chitafika pafupifupi 64,000, ndiye kuti atuluka ndi 384,000. Kusukulu yotchukayo atenga 560,000, chiwongoladzanja 112,000, atuluka ndi 672,000. Kuti abweze m'zaka khumi, ngongole yoyambayo ikufuna madola pafupifupi 4,700 pamwezi, yachiwiriyo oposa 8,100. Pa yachiwiriyo, chiwongoladzanja chokha, osakhudza ngongole yeniyeni, chikuyandikira 4,500 mwezi uliwonse. Akapereka zochepera pamenepo, ngongole ya kubanki imakula iye akulipira.

Nanga malipiro aja akuti ndi ambiri? Ndi ambiri ndithu mukawayerekeza ndi anu kapena a anthu ena ambiri. Ofesi ya boma yowerengera za ntchito, Bureau of Labor Statistics, inaika malipiro apakatikati a dokotala wa mano pa madola pafupifupi 170,000 pachaka mu 2023. Koma m'gulu limenelo muli akatswiri ndi madokotala a zaka zambiri pantchito, ndipo wongotuluka kumene nthawi zambiri amayambira pansi. Ngakhale titamupatsa 170,000 yonseyo, pamwezi ndi 14,000 ndi kakuti. Msonkho wa boma lalikulu, wa chigawo ndi inshulansi yachipatala zikadula, akhoza kutsala ndi 10,000 kapena kuchepera. Chotsanipo 8,100. Zotsalazo ndiye lendi, galimoto, chakudya, inshulansi yomuteteza wodwala akamusumira, ndi mauthenga ochokera kumudzi, chifukwa mbiri ikadzangofika kuti mwana wa uje ndi dokotala ku America, palibe adzakhulupirire kuti alibe ndalama.

Mwana wanu sali yekha, ndipo kuganiza kwake sikwachilendo. Bungwe la masukulu a mano la ADEA limafunsa omaliza maphunziro chaka ndi chaka, ndipo kuyambira cha m'ma 2019 ngongole ya wophunzira amene anakongola yakhala ikuzungulira pa madola 300,000. Pakati pa zaka za m'ma 1990 inali isanafike 100,000. Ndipo 300,000 imeneyo ndi yapakati chabe. Muli amene makolo anawathandiza, muli amene asilikali anawalipirira, mulinso amene atuluka ndi theka la miliyoni. Pa masukulu ngati New York University ndi University of Southern California, mtengo wa zaka zinayi pamodzi ndi zofunika pamoyo unapyola kale 500,000.

Pali chifukwa chenicheni chimene maphunzirowa amadulira. Wophunzira udokotala wamba amaphunzirira m'chipatala chomwe chilipo kale, chodziyendetsa ndi ndalama za odwala. Sukulu ya mano imayenera kumanga ndi kuyendetsa chipatala chakechake. Mutalowamo m'mawa wina mungaone mipando yambirimbiri itandandalikana, pampando uliwonse wodwala ali kukamwa yasa, pambali pake wophunzira wa chaka chachitatu. Wabaya jakisoni, waboola pang'ono, waima, akudikira mphunzitsi amene akuyang'anira mipando ina ingapo kuti adzaone asanapitirize. Mphunzitsi wabwera, wasuzumira ndi kagalasi, wanena kuti chotsanso apa. Akudikiranso. Dzino limene dokotala wozolowera amamata pasanathe ola limodzi limadya m'mawa wonse, ndipo wodwalayo amalipira mtengo wotsitsidwa chifukwa wavomera kuphunzirirapo. Chipatala chotere sichipanga phindu, ndipo dzenje lake amalikwirira ndi fizi. Onjezanipo zipangizo zimene wophunzira amalipira yekha kuyambira chaka choyamba: mano apulasitiki ophunzirira, magalasi okulitsa omwe amavala kumaso, kachipangizo koboolera.

Koma zimenezi sizikufotokoza zonse, chifukwa mipando ndi aphunzitsi zinalipo kale. Pakati pa 1986 ndi 2001 masukulu asanu ndi awiri a mano anatsekedwa m'dziko lino, kuphatikiza a mayunivesite odziwika ngati Emory, Georgetown ndi Northwestern. Nthawi imeneyo sukulu ya mano inkaoneka ngati mtolo kwa yunivesite. Kenako zinthu zinatembenuka. Mu 2006 boma linayambitsa Grad PLUS, ngongole yomwe inkalola wophunzira kutenga ndalama zonse zimene sukulu yalemba kuti ndiye mtengo wake, popanda malire. Mu 2012 linachotsa ngongole zija boma linkalipirira chiwongoladzanja wophunzira wa digiri yapamwamba ali pasukulu. Zigawo zambiri zinachepetsanso ndalama zothandizira mayunivesite awo. Masukulu atsopano anayamba kutsegulidwa, ambiri apulayiveti, ndipo lero onse pamodzi aposa 70. Akatswiri a zachuma amatsutsana kuti Grad PLUS inakweza fizi kufika pati. Kuona kwanga n'kwakuti wogulitsa akadziwa kuti wogula apatsidwa ndalama iliyonse imene iye watchula, alibe chifukwa chotsitsira mtengo.

Mu 2018 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za dokotala wina wowongola mano wa ku Utah. Anakongola madola pafupifupi 600,000 pa maphunziro ake onse a mano ndi a ukatswiri, ndipo pofika nthawi imeneyo ngongoleyo inali itapyola miliyoni imodzi. Sanali wothawa ngongole. Ankalipira mwezi ndi mwezi molingana ndi malipiro ake, koma zimene ankaperekazo sizinkakwana ngakhale chiwongoladzanja. Nkhani yake ili ndi phunziro lina kwa mwana wanu. Dokotala wamba akamapitiriza maphunziro m'chipatala amalandira malipiro. Pa mano sizili choncho paliponse. Maphunziro ambiri a ukatswiri, makamaka owongola mano, wophunzira ndiye amalipira fizi, zaka ziwiri kapena zitatu zina, ngongole yakale ija ikuberekabe. Ngati ali ndi maloto a ukatswiri, ndiye kuti ali ndi chifukwa chinanso chosungira ndalama panopa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene ngongole imasinthira ntchito ya munthu. Kale dokotala wa mano ankagwira zaka zingapo kwa mnzake wamkulu, kenako n'kugula kapena kutsegula kiliniki yake, ndipo chuma chenicheni chinkachokera pamenepo. Kafukufuku wa bungwe la madokotala a mano la ADA akusonyeza kuti mu 2005 madokotala pafupifupi 85 pa 100 alionse anali eni makiliniki, koma pofika 2023 anali atatsika kufika pafupifupi 72, ndipo achinyamata ndi amene atsika kwambiri. Zifukwa zilipo zingapo, ena sakufuna n'komwe mutu wa bizinesi, koma kugula kiliniki kumafuna ngongole ina ya madola masauzande mazanamazana, ndipo amene ali kale ndi 672,000 pamsana amachita mantha. Ambiri amalowa ntchito m'makampani akuluakulu oyendetsa makiliniki, omwe amawatchula kuti ma DSO. Yaikulu mwa iwo, Heartland Dental, gawo lake lalikulu linagulidwa ndi kampani yazachuma ya KKR mu 2018. Kugwira ntchito m'makampani otere si tchimo, ena amaphunzirako liwiro ndi luso. Koma dokotala wolembedwa ntchito kawirikawiri amalipidwa gawo la ndalama zimene manja ake apanga, nthawi zambiri pakati pa 25 ndi 35 peresenti. Ndiye taganizirani mtsikana amene mwezi ukatha akufunika 8,100, ali pamaso pa dzino lomwe lingamatidwe pamtengo wochepa kapena kuvekedwa chisoti pamtengo wokwera kangapo. Sindikunena kuti adzanama. Ndikunena kuti dokotala sayenera kumaganiza za banki dzanja lake lili m'kamwa mwa munthu, ndipo ngongole yochepa imamupatsa mphamvu yokana ntchito yomwe ikumukakamiza zosayenera.

Tsopano tifike pa inu, chifukwa malamulo asintha ndipo kusinthako ndi kumene kwabweretsa pepala losainira patebulo lanu. Lamulo lomwe linasainidwa pa 4 July 2025 likuthetsa Grad PLUS kwa oyamba kukongola kuyambira pa 1 July 2026. Ophunzira udokotala wa mano aziloledwa kutenga kuboma madola osapitirira 50,000 pachaka, ndipo onse pamodzi asapitirire 200,000. Amene anayamba kale maphunziro ndi kukongola lisanafike tsikulo apatsidwa mpata wopitiriza ndi malamulo akale kwa zaka zosapitirira zitatu, koma woyamba kumene alibe mwayi umenewo. Ndiye kusukulu ya boma mwana wanu akupereweredwa 30,000 pachaka, 120,000 pa zaka zinayi. Kusukulu yotchukayo akupereweredwa 90,000 pachaka, 360,000 pa zaka zinayi. Ndalama zimenezo ndi zomwe akufuna mumusainire.

Kusainira si umboni chabe ayi. Pamaso pa banki ngongoleyo ndi yanu mofanana ndi yake. Akaphonya mwezi, a banki akufunani inu. Idzaoneka pa mbiri yanu ya ngongole, ndipo tsiku lomwe mudzafune kugula nyumba kapena kuthandiza ang'ono ake awiri aja, mudzaipeza itakutsekerani njira. Mabanki amalonjeza kuti wosainira adzamasulidwa mwana akalipira bwino kwa nthawi yakutiyakuti, koma mu 2015 bungwe la boma loteteza ogula pa zachuma, CFPB, linapeza kuti anthu 90 pa 100 alionse amene anapempha kumasulidwa anakanidwa. Ngongole za sukulu, za boma ndi za banki zomwe, n'zovuta kwambiri kuzifafaniza kukhoti ngakhale chuma cha munthu chitatheratu. Ndipo ntchito ya mano ndi ya thupi. Imadya msana, khosi ndi manja. Dokotala akalumala kotheratu, ngongole ya boma imakhululukidwa, pamene ya banki zimatengera zimene zalembedwa m'pangano. Sindikunena kuti mabankiwa ndi akatapila, koma mofanana ndi katapila, mmene mwezi wakuyendera iwo alibe nazo ntchito.

Ngongole ya boma ili ndi popumira. Pali ndondomeko yatsopano yotchedwa RAP, yomwe munthu amalipira molingana ndi zimene amapeza, ndipo kwa wolandira zoposa 100,000 pachaka ndi 10 peresenti. Pa 170,000 ija ndi pafupifupi 1,400 pamwezi, ndipo zotsala zimakhululukidwa pakatha zaka 30. Palinso PSLF, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007: akagwira ntchito m'boma kapena m'bungwe losapanga phindu, monga makiliniki othandiza anthu osauka, n'kulipira miyezi 120, zotsala zimafafanizidwa popanda msonkho. Zonsezi sizikhudza ngongole ya banki ngakhale pang'ono. Mukaziika pa sikelo, kusukulu ya boma gawo lalikulu la ngongole yake lili kumbali yofewa, pamene kusukulu yotchukayo gawo lalikulu lili kumbali youma, ndipo dzina lanu lili pomwepo.

Mwatchula green card. Imamukwanira kutenga ngongole za boma, zomwe wobwera pa viza ya ophunzira ya F-1 sangazipeze. Koma zitseko ziwiri zazikulu zimafuna nzika. Asilikali ali ndi ndondomeko ya HPSP yomwe imalipira fizi yonse ndi kupereka ndalama zodyera mwezi uliwonse, ndipo wophunzira amabweza pogwira ntchito yausilikali, kawirikawiri chaka pa chaka chilichonse cholipiridwa. Ndondomeko ya boma ya National Health Service Corps nayo imalipirira ophunzira ena, ndipo kwa omaliza imabweza mpaka madola 50,000 a ngongole akagwira zaka ziwiri kudera losowa madokotala. Imeneyi imalandira ngakhale ngongole ya sukulu yotengedwa kubanki. Ngati mwana wanu wakwanitsa zaka zisanu ndi green card, mapepala a unzika awayambe mwezi uno, asadikire kumaliza sukulu. Zigawo zambiri zilinso ndi ndondomeko zawo zobwezera ngongole kwa madokotala opita kumidzi, afunse za chigawo chanu.

Maganizo a achimwene anu si opanda nzeru, ndipo n'zosangalatsa kuti lero funso lotere likutheka. Maphunziro a udokotala wa mano ku Malawi anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Ngati mtima wa mwana wanu uli wokagwira ntchito kwathu, komwe madokotala a mano akusowa kwambiri, imeneyo ndi nkhani ina yabwino. Koma ngati cholinga ndi kudzagwira kuno, njirayo ndi yozungulira. Zigawo zambiri sizipereka laisensi kwa wophunzira kunja pokhapokha atabwereza zaka ziwiri kapena zitatu m'sukulu yovomerezedwa ndi CODA. Malo ake ndi ochepa, amalimbirana ndi madokotala ochokera ku India, Egypt ndi mayiko ena ambiri, ndipo fizi yake pachaka nthawi zambiri imafanana kapena kuposa ya ophunzira wamba. Angataye zaka, n'kudzakumananso ndi ngongole yomweyo. Malo ali m'manja kale asawasiye.

Polankhula naye, musayambe ndi mawu akuti ayi. Mwana amene wakhoza chonchi akamva ayi amaganiza kuti simukumukhulupirira. Khalani naye pansi ndi makalata awiri aja, alembe yekha manambala, awerengere yekha chiwongoladzanja, kenako afufuze malipiro a dokotala woyamba ntchito m'dera lanu. Mumupemphenso apeze madokotala awiri kapena atatu omaliza posachedwa awafunse kuti amalipira zingati pamwezi, ndiponso ngati akanasankhanso sukulu yomweyo. Ambiri amayankha moona mtima, ena mpaka amakwiya pofotokoza. Angathenso kulembera sukulu yotchukayo, kuiuza mtengo wa inayo ndi kufunsa ngati ingamuchotsereko. Kufunsa n'kwaulere, koma kuchotsera kwa 5,000 kapena 10,000 pachaka sikusintha yankho langa.

Yatsala 120,000 ya kusukulu ya boma ija, yomwe nayonso si ndalama yochepa. Dziwani kuti 80,000 ya m'kalatayo si fizi yokha. Muli ndalama zimene sukulu yayerekeza za nyumba, chakudya ndi mayendedwe, ndipo pamenepo ndi pomwe mungadule. Ngati sukuluyo ili pafupi, azigona kunyumba. Ngati ili kutali, agawane nyumba ndi anzake, ayende pa galimoto yakale. Dola iliyonse imene sakongola m'chaka choyamba imamupulumutsira yoposa dola imodzi ndi theka akamadzabweza. Apite ku ofesi ya zachuma ya sukuluyo akafunse ngati ili ndi ngongole yakeyake kapena ya Health Professions Student Loan, yomwe chiwongoladzanja chake ndi 5 peresenti ndipo sichiwerengedwa wophunzira ali pasukulu. Imeneyi amayang'ana zimene makolo amapeza, choncho malipiro anu osamalira okalamba akhoza kumuthandiza pamenepa. Mabanki ena amakongoza ophunzira zaumoyo popanda wosainira, ayambe wayesa kumeneko.

Zonse zikakanika ndipo pakufunikadi siginecha yanu, sainirani chaka chimodzi chimodzi, pa ndalama yokhayo yoperewera, pa chiwongoladzanja chokhazikika osati chosinthasintha. Werengani ndime yonena za kulumala ndi yonena za kumasula wosainira musanagwire cholembera, ndipo ngati Chingelezi cha m'pepalalo chikuvuta, mupeze wokuwerengerani amene si wa bankiyo. Mugwirizane kuti akangoyamba ntchito atenge inshulansi ya kulumala yomwe imalipira akalephera ntchito ya mano yeniyeniyo, ndiponso kuti malipiro akakhazikika asamutsire ngongoleyo m'dzina lake lokha. Nyumba yanu, ngati muli nayo, ndi ndalama zanu za penshoni zisalowe m'nkhaniyi monga chikole.